Kugwirizanitsa ma property a nkhokwe za data zolembedwa m'zilankhulo zosiyana

Mabuku a mabungwe a maliro, a mipingo ndi a mizikiti ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku mu Harare, muno m'Zimbabwe, amasunga mayina a anthu amene makolo awo anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Chipata kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makomo mwa azungu. Ena mwa mabukuwa analembedwa m'Chichewa, ena m'Chishona kapena m'Chingerezi, pomwe mapepala ochokera ku Mozambique ali m'Chipwitikizi. Kuwalowetsa m'kompyuta sikuvuta. Ntchito imakula mukafuna kuwalumikiza ndi nkhokwe zazikulu za pa intaneti monga Wikidata, DBpedia ndi GeoNames, chifukwa pamenepo muyenera kugamula kuti kolamu yolembedwa "kwawo" m'buku lanu ikupita pa property iti ya m'nkhokwe inayo.

Mu linked data, dongosolo limene nkhokwe zimenezi zimasungira ndi kulumikizira mfundo zake, mfundo iliyonse imakhala ndi zigawo zitatu: chinthu chimene chikukambidwa, property, ndi yankho lake. Pofuna kunena kuti Harare ali m'dziko la Zimbabwe, Wikidata imalemba Q3921, P17, Q954. Yapakatiyo, P17, ndiyo property. Nambala yake sisintha, kaya mukuwerenga m'Chifalansa kapena m'Chishona. Chimene chimasintha ndi dzina lolembedwa pamwamba pake. Ambiri amamasulira mayinawo, akaona kuti afanana n'kunena kuti ntchito yatha, ndipo apa ndi pamene amasochera. Chitini cha kukhitchini chikhoza kulembedwa kuti "shuga" m'kati mwake muli mchere, n'chifukwa chake wodziwa amalawa kaye. Dzina la property lizingokusonyezani poyambira. Chigamulo chizichokera pa tanthauzo limene eni ake analemba ndi pa zimene zasungidwa m'katimo.

Choyamba: ndandanda ya ma property a mbali zonse ziwiri

Musanatsegule pulogalamu iliyonse yolumikizira, tsegulani tebulo wamba. Mzere uliwonse ukhale wa property imodzi, ndipo mulembepo adiresi yake yonse ya URI, mayina ake m'zilankhulo zonse zimene zilipo, tanthauzo lake, mtundu wa zinthu zimene imafotokoza, mtundu wa mayankho amene imasunga, kuchuluka kwa malo amene yagwiritsidwa ntchito, ndi zitsanzo 10. Zitsanzozo musazitenge pamwamba pa fayilo pokha. Mizere yoyambirira kawirikawiri imalembedwa mosamala, chisokonezo chimakhala pakati ndi kumapeto. Yambani ndi ma property osapitirira 30, amene mumawagwiritsa ntchito kwambiri.

Buku lanu la pamanja likhala lilibe matanthauzo olembedwa. Pitani kwa alembi amene ankalidzaza mukawafunse kuti, "Amalume, polemba m'danga ili munkamufunsa chiyani munthuyo?" Funso limene ankafunsalo ndilo tanthauzo la property yanu. Lilembeni mmene alinenera, m'chilankhulo chimene ayankhira. Ngati ulembi unasinthana manja, funsani aliyense payekha, chifukwa danga limodzi likhoza kukhala ndi matanthauzo awiri, lina chisanafike chaka chakuti, lina pambuyo pake.

Dzina lililonse liikireni chizindikiro cha chilankhulo chake: ny cha Chichewa, sn cha Chishona, nd cha Chindebele cha muno, pt cha Chipwitikizi, fr cha Chifalansa, en cha Chingerezi. Samalani ndi nr, chimenecho ndi Chindebele cha ku South Africa.

Pa DBpedia pali misinkhu iwiri ya ma property ndipo musaisakanize. Oyamba ndi dbo: ndi okonzedwa, ali ndi tanthauzo ndiponso amagwira ntchito mofanana m'zilankhulo zonse. Oyamba ndi dbp: amatengedwa mmene alili m'mabokosi a pambali pa nkhani za Wikipedia, motero chilankhulo chilichonse chili ndi ake: birthPlace m'Chingerezi, lieuDeNaissance m'Chifalansa. M'menemo mumapezeka zosakanikirana, pena adiresi ya tsamba, pena mawu wamba, pena nambala. Pamene dbo: ilipo, gwiritsani ntchito imeneyo.

Chachiwiri: yeretsani zilembo, masiku ndi manambala

Kompyuta imafananitsa chilembo ndi chilembo, ndiye kakusiyana kosaoneka ndi maso kamaononga mawerengero onse a kutsogolo. Sungani mafayilo onse mu UTF-8. Mukaona "MalaÅµi" kapena "MoÃ§ambique", dziwani kuti fayiloyo yatsegulidwa molakwika. Bwererani ku fayilo yoyambirira, musakonze ndi manja. Chilembo ŵ chimalembeka m'njira ziwiri, ngati chilembo chimodzi kapena ngati w ndi kachipewa kake padera, choncho sandutsani zonse zikhale mu NFC, kalembedwe kamene kamasunga ŵ ngati chilembo chimodzi. Kenako pangani kolamu yachiwiri yofufuzira, mmene ŵ akhale w, zilembo zonse zikhale zazing'ono, ndipo "ku", "kwa" ndi "mu" zochotsedwa kumayambiriro kwa mayina a malo, kuti "kuDedza", "ku Dedza" ndi "Dedza" zikumane. Kolamu yoyamba isakhudzidwe.

Kachizindikiro ka (') ka mu ng' kamabwera kowongoka kapena kopindika malinga ndi foni kapena pulogalamu imene yalemba. Sankhani kamodzi. Koma musakachotse. Njira ya fingerprint ya mu OpenRefine, pulogalamu yoyeretsera matebulo a data, imachotsa zizindikiro zotere ikamasonkhanitsa mayina ofanana, ndipo Ng'oma ndi Ngoma, amene angakhale mabanja awiri, amasanduka munthu mmodzi. Gulu lililonse limene yakusonkhanitsirani liwerengeni musanalivomere.

Masiku alembeni mwa dongosolo la ISO 8601, chaka, mwezi, tsiku: 1958-04-03. Kulemba 03/04/1958 ndi 3 April kwa mlembi wa ku Harare koma ndi 4 March kwa pulogalamu yokonzedwera ku America. Pamene buku langotchula chaka, sungani chaka chokhacho. Mukadzaza 1 January kuti danga lisakhale lopanda kanthu, mwapeka tsiku. Wikidata ili ndi njira yake yosonyezera zimenezi: 11 ndi tsiku lodziwika, 10 ndi mwezi, 9 ndi chaka chokha. Manambala nawo amasiyana. Chipwitikizi ndi Chifalansa zimaika chizindikiro cha (,) pamene Chingerezi chimaika dontho, ndiye 12,5 ya pa pepala la ku Tete ndi 12.5 kwa inu.

Chachitatu: lumikizani zinthu musanalumikize ma property

Simungayese ngati ma property awiri amanena zofanana popanda zinthu zimene mukutsimikiza kuti ndi zomwezo mbali zonse. Pezani zinthu zotere pafupifupi 200. Njira yodalirika ndi manambala ozindikiritsa: P1566 imasunga nambala ya GeoNames, P214 ya VIAF (nkhokwe ya mayina ya malaibulale), ndipo masamba a DBpedia ali ndi owl:sameAs yolozera ku Wikidata. Pamene manambala palibe, gwiritsani ntchito reconciliation ya mu OpenRefine, njira yofananitsira mayina anu ndi zinthu za pa Wikidata. Pulogalamuyi imayenda pa kompyuta yanu, pa adiresi 127.0.0.1:3333, ndipo imafuna intaneti pa gawo lofunsa ku Wikidata lokha. Tumizani mizere 500 nthawi imodzi n'kusunga zotsatira, kuti magetsi akazima kapena bandulo ikatha musayambirenso pachiyambi. Nthawi zonse uzani pulogalamuyo mtundu wa chinthu ndi dziko lake, isangoyendera dzina.

Mayina a malo a kuno anasintha kwambiri, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Mzinda wa Harare unkatchedwa Salisbury kufikira pa 18 April 1982. Mukangotumiza "Salisbury" wopanda dziko, mwina mulandira wa ku England. Msampha wina ndi wobisika kuposa pamenepo: chisanafike 1982, "Harare" kapena "Harari" linali dzina la lokeshoni imene lero ndi Mbare. Khadi la ubatizo la 1961 lolembedwa "Harari" likunena Mbare, osati mzinda wonse. "Halale" wa akuluakulu naye pena amatanthauza mzinda, pena dziko lonselo. Konzani tebulo laling'ono la dzina lakale, dzina latsopano ndi nambala ya Q: Umtali ndi Mutare, Gwelo ndi Gweru, Fort Victoria ndi Masvingo, Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Jameson ndi Chipata, Vila Coutinho ndi Ulongué, Lourenço Marques ndi Maputo. Tebulo limeneli mudzaligwiritsa ntchito zaka zambiri.

Chachinayi: sankhani ma property oganiziridwa

Yambani n'kuona zimene ena anachita kale. Pa tsamba la property iliyonse ya Wikidata yang'anani P1628, imene imaloza ku property yofanana nayo m'nkhokwe zina monga schema.org, komanso P2235 ndi P2236 zimene zimaloza ku yotakata kapena yopapatiza kuposa iyo. Ontology ya DBpedia, ndandanda ya ma property ake ndi matanthauzo, nayo imatchula ma P amene imati ndi ofanana ndi ma dbo: ake. Zimenezi zitengeni ngati maganizo a anzanu ofunika kuwayesa, chifukwa amene analemba sanaone buku lanu.

Pa otsalawo ndi pamene mayina amathandiza. Masulirani dzina ndi tanthauzo m'chilankhulo chimodzi chapakati, fufuzani, ndipo sungani oganiziridwa atatu mpaka asanu pa property iliyonse. Ma property ochepa a Wikidata ndi amene ali ndi mayina a Chichewa, ndiye pofufuza lembani zilankhulo motsatizana, "ny,sn,en", kuti china chikasowa chinzake chilowepo. Kumasulira kwa makina kuzikhala kongothandiza. Mawu akuti "boma" pa fomu ya ku Malawi amanena Dedza kapena Ntcheu, ndipo makina akhoza kuwatenga ngati olamulira dziko. "Data" wa m'Chipwitikizi ndi tsiku.

Tsopano sefani poyang'ana mtundu wa mayankho. Property yosunga tsiku singafanane ndi yosunga malo, ngakhale mayina afanane chotani. Sefa ameneyu amachotsa oganiziridwa ambiri m'mphindi zochepa. Mapulogalamu monga LogMap, AgreementMakerLight, Silk ndi LIMES amathandiza ma property akakhala mazanamazana. Akakhala 30, manja ndi maso zimaposa. Ngati mwasankha pulogalamu, iyeseni kaye pa mapeyala 50 amene mwawagamula nokha, muwerenge kuti mwa amene yapereka olondola ndi angati, ndiponso mwa olondola onse yapezapo angati.

Chachisanu: yesani ndi data, kupita ndi kubwera

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Tengani property A ya nkhokwe yoyamba ndi B ya yachiwiri. Mwa zinthu zanu 200, patulani zimene zili ndi yankho mbali zonse. Zimene mbali ina ilibe kanthu musaziwerengere ngati kutsutsana, chifukwa mu linked data kusalembedwa kwa mfundo sikutanthauza kuti mfundoyo ndi yabodza. Mayankho a ku Wikidata mumawatenga pa query.wikidata.org ndi funso la SPARQL, chilankhulo chofunsira nkhokwe zotere, longa ili lofunsa kobadwira (P19) kwa anthu amene ndi nzika (P27) za Zimbabwe:

SELECT ?munthu ?malo WHERE { ?munthu wdt:P31 wd:Q5 ; wdt:P27 wd:Q954 ; wdt:P19 ?malo . } LIMIT 1000

Funso likapitirira masekondi 60 limadulidwa, choncho funsani pang'onopang'ono, ndipo mwa zimene zabwerazo sankhani zanu mosakondera.

Werengani kawiri. Koyamba: mwa mayankho a A, ndi angati amene akupezekanso mu B? Kachiwiri: mwa mayankho a B, ndi angati amene ali mu A? Tiyerekeze kuti A ndi P22, bambo, ndipo B ndi dbo:parent, kholo. Mwa mayankho 200 a A mwapeza 194 mu B, koma mwa mayankho 380 a B mwapeza 194 okha mu A. Manambalawa akukuuzani kuti A ili m'kati mwa B: bambo aliyense ndi kholo, koma si kholo lililonse limene ndi bambo. Mukanawerenga mbali imodzi yokha mukanati ndi zofanana, ndipo amayi onse akanalembedwa ngati abambo.

Muyeso wogwirira ntchito ndi uwu, ngakhale si lamulo. Mbali zonse zikagwirizana pa 95 mwa 100 kapena kuposa, ma property awiriwo mwina ndi ofanana. Pakati pa 70 ndi 95, werengani mizere yonse yosagwirizana, umodziumodzi. Pansi pa 70, mwina ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mizere yosagwirizanayo muiike m'magulu atatu: cholakwa cha wolemba, kusiyana kwa msinkhu, ndi kusiyana kwa tanthauzo. Gulu lachitatu lokhalo ndi limene limakana mgwirizano. Kusiyana kwa msinkhu ndi monga uku: nkhokwe ina yalemba Mbare, ina Harare. Kwerani ndi P131, yonena dera lalikulu limene malo ali m'kati mwake, kuchoka pa Mbare mpaka mufike pa Harare musananene kuti zatsutsana. Dziwaninso kuti dbo:birthPlace kawirikawiri imakhala ndi mayankho angapo pa munthu mmodzi, tauni ndi dziko lomwe, pamene P19 imafuna malo enieni odziwika bwino kwambiri.

Chenjerani ndi kugwirizana kwa mwayi. Ngati anthu onse a m'chitsanzo chanu anabadwira muno, amakhala muno ndipo ndi nzika za muno, ma property atatu osiyana adzayankha "Zimbabwe" onse n'kuoneka ngati amodzi. Chitsanzo chabwino ndi chokhala ndi anthu amene mayankho awo amasiyana, ndipo m'mabanja mwathu anthu otere sasowa: agogo obadwira ku Ntcheu, amene anagwira ntchito ku Kadoma n'kumwalirira ku Mufakose.

Anthu a m'buku la bungwe la maliro sapezeka pa Wikidata, ndipo si koyenera kuwaikapo. Kwa iwo mayesowa muwachite ndi mapepala. Tengani anthu 50, yerekezerani zolembedwa m'danga lanu ndi chitupa chobadwira kapena khadi la ubatizo, muone ngati dangalo likutsatira tanthauzo la property imene mukuiganizira.

Chachisanu ndi chimodzi: misampha yodziwika

Waukulu ndi "kwawo". Mnyamata wobadwira ku Highfield, amene sanapondepo pa Mwanza, akafunsidwa kwawo amatchula mudzi, mfumu yaikulu ndi boma la makolo ake ku Malawi, monga Mshona amatchulira kumusha. Mukaika zimenezi pa P19 mwalemba kuti anabadwira kumeneko, ndipo limenelo ndi bodza limene lidzafalikira kwa onse okopera data yanu. Property yoyandikira ndi P66, ya kumene makolo a munthu anachokera. Koma kwa m'badwo woyamba, amene anabwera okha ndi sitima kapena wapansi, kwawo ndi kobadwira zimakhala malo amodzi, n'chifukwa chake mayeso a kolamu imeneyi amatuluka pakatikati. Njira yake ndi kugawa kolamuyo pawiri, "kobadwira" ndi "kwawo kwa makolo", n'kudzaza koyambako pokhapokha pali pepala lotsimikizira. Dangalo lokhala ndi mudzi, mfumu ndi boma pamodzi liduleninso patatu. Boma mudzalipeza pa Wikidata, midzi yambiri simudzaipeza, ndipo muisunge ngati mawu okhala ndi chizindikiro cha ny. Pa mapepala a ku Mozambique, naturalidade ndi kobadwira pomwe nacionalidade ndi unzika.

Unzikawo umasintha ndi nthawi. Ambiri obadwira muno anakhala zaka ndi zitupa zowaonetsa ngati alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013, omwewo amene anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, anazindikira kuti wobadwira muno amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Choncho danga la "dziko" la m'buku la 1995 silingapite pa P27 popanda chaka. Onjezani P580 ndi P582, chiyambi ndi mapeto. N'chimodzimodzi ndi likulu la Malawi pa P36: Zomba mpaka 1975, Lilongwe kuyambira pamenepo.

Ubale ndi msampha wachiwiri. Ife timati "bambo" kwa mchimwene wa bambo athu ndi "mayi" kwa mchemwali wa mayi athu, ndipo mlembi wa bungwe amalemba momwemo chifukwa pa maliro ndi mmene zimayendera. P22 ndi P25 ndi za kholo lenileni la munthuyo. Bambo aang'ono, mayi aakulu, amalume ndi azakhali amapita pa P1038, ya wachibale, pamodzi ndi P1039 yofotokoza ubalewo. "M'bale" asapite pa P3373 musanatsimikize kuti awiriwo ali ndi kholo limodzi. Chiwongo kapena mfunda, monga Phiri, Banda, Mbewe ndi Mwale, pena chimakhalanso dzina la banja la pa chitupa, pena ayi. Ikani pa P734 dzina la pa chitupa lokha. Chiwongocho chikhale ndi property yakeyake m'nkhokwe yanu, ndipo musafulumire kuchifananitsa ndi mutupo wa Chishona ngakhale ziwirizi zimayandikana.

Chiwerengero cha anthu chimafuna mafunso awiri: cha chaka chiti, ndipo cha malire ati? Pa kalembera wa 2022 mzinda wa Harare unali ndi anthu pafupifupi 1.85 miliyoni, pamene chigawo cha Harare, chimene chikuphatikiza Chitungwiza ndi Epworth, chinali ndi oposa 2.4 miliyoni. Mu 2012 mzindawu unali ndi pafupifupi 1.5 miliyoni. P1082 imasunga manambala ambiri, iliyonse ndi chaka chake pa P585, pomwe dbo:populationTotal ndi gn:population ya GeoNames kawirikawiri zimapereka nambala imodzi. Mukafunsa ndi wdt: mumangolandira mayankho apamwamba opanda chaka. Kuti chaka chioneke funsani kudzera pa p:, ps: ndi pq:. Nambala zikasiyana kwambiri, onani kaye ngati simunalumikize mzinda ndi chigawo.

Miyeso nayo: dbo:areaTotal, ya kukula kwa malo, imasungidwa mu ma square metre, pamene P2046 imanyamula muyeso wake, kawirikawiri ma square kilometre. Manambala akamasiyana ka 1,000,000 pa mzere uliwonse, ma property akugwirizana, chofunika ndi kusandutsa muyeso. Pa malo a pamapu, P625 imatuluka longitude patsogolo, Point(31.05 -17.83) ya Harare, pamene matebulo ambiri amayamba ndi latitude. Mukazitembenuza, Harare amagwera m'nyanja ya Atlantic pakati pa Madeira ndi zilumba za Canary. Mukataya kachizindikiro ka minus, amapezeka ku Sudan. Ikani mfundo 20 pamapu muone ndi maso.

Pomaliza pa misamphayi, ma property ena ndi amodzi koma oyang'ana kosiyana. P36 imachoka pa dziko kupita ku likulu, P1376 imachoka pa likulu kupita ku dziko. Mayeso akapereka 0 pa ma property amene mayina ake akufanana kwambiri, tembenuzani mbali imodzi muyesenso.

Chachisanu ndi chiwiri: tchulani ubale weniweni

Mawu akuti owl:equivalentProperty ndi olemera. Pulogalamu yoganiza ikawaona imakopera mfundo zonse za A ku B ndi za B ku A, osafunsa. Agwiritseni ntchito pokhapokha tanthauzo, mtundu wa mayankho ndi mayeso a mbali zonse zavomerezana. A ikakhala m'kati mwa B, lembani rdfs:subPropertyOf, ndipo kwa nkhokwe yaing'ono yolumikizidwa ku yaikulu ubale umenewu ndi umene umakhala woona nthawi zambiri. Zoyang'ana kosiyana ndi owl:inverseOf. Musagwiritse owl:sameAs pa ma property, isiyireni zinthu monga malo ndi anthu.

Kwa zongoyandikana, monga "kwawo" ndi P66, lembani skos:closeMatch m'tebulo lanu la mgwirizano. Kusiyana kwake ndi skos:exactMatch n'kwakuti exactMatch imadutsa: A ikafanana ndi B, B ndi C, ndiye kuti A yafanana ndi C. CloseMatch sidutsa, motero kakusiyana kakang'ono sikakula pamene mukudumpha kuchoka ku Chichewa kupita ku Chingerezi mpaka ku Chipwitikizi. Ngati palibe property yoyenera, lembani kuti palibe, n'kusunga yanu. Kukakamiza chiwongo kapena ufumu wa mudzi kulowa m'danga la eni ake ndiko kutaya chimene buku lanu lili nacho chimene ena alibe.

Onetsetsaninso adiresi imene mukulozera. P19 ili ndi adiresi ya pansi pa entity/, yonena za property yeniyeniyo, ndi ya pansi pa prop/direct/, imene imapezeka m'mfundo zenizeni. Mukalozera yoyambayo, mafunso anu a SPARQL sabweza kanthu ngakhale mgwirizano uli wolondola. Ziwirizi zimalumikizidwa ndi wikibase:directClaim.

Chachisanu ndi chitatu: lembani, wunikani, tulutsani

Sungani zigamulo zanu mwa dongosolo la SSSOM, limene ndi tebulo la TSV lotsegulika ndi pulogalamu iliyonse ya matebulo. Makolamu ofunika ndi subject_id, predicate_id, object_id ndi mapping_justification. Onjezani confidence, tsiku, ndi ndemanga yotchula kukula kwa chitsanzo ndi zotsatira za mbali zonse ziwiri. Zimene mwakana zilembeninso pamodzi ndi chifukwa chake, kuti wobwera pambuyo panu asadzalumikizenso "kwawo" ndi P19.

Mzere uliwonse uwunikidwe ndi anthu awiri, aliyense payekha, mmodzi wodziwa bwino chilankhulo cha nkhokwe yoyamba ndi mwambo wake, wina cha yachiwiri. Akasiyana maganizo, pafupifupi nthawi zonse tanthauzo ndi limene silinalembedwe momveka, ndiye likonzeni musanagamule. Kenako sandutsani mizere 100 yokha, muiyese ndi malamulo a SHACL, njira yoonera ngati data ikutsatira dongosolo limene mwaika: tsiku lobadwa limodzi pa munthu, lobadwa lisapose lomwalira, kobadwira kukhale malo osati mawu wamba. Ikadutsa, sandutsani yonse, koma fayilo yoyambirira isungidwe padera yosakhudzidwa.

Chimene mungatulutse poyera ndi tebulo la mgwirizano, matanthauzo a ma property anu, ndi tebulo la mayina a malo. Mayina a anthu amoyo, manambala a zitupa, mafoni ndi za unzika wawo zikhale m'nyumba. Lamulo la 2021 loteteza data muno, limene amaliyang'anira ndi a POTRAZ, bungwe loona za mtokoma ndi matelefoni, limakhudzanso mabungwe ang'onoang'ono osunga mbiri za anthu. Onaninso ziphaso za nkhokwe zimene mwatengako: Wikidata ndi CC0, GeoNames ndi CC BY, DBpedia ndi CC BY-SA, ndipo zotengedwa ku ziwiri zomalizazi sizingangothiridwa mu Wikidata. Ngati muli ndi akaunti ya Wikidata, lembani mayina ndi matanthauzo a Chichewa pa ma property amene mwawayesa, pogwiritsa ntchito mawu amene alembi anu anavomereza. Ma property amasinthidwa tanthauzo, ena amafufutidwa, choncho bwerezani mayeso a gawo lachisanu pa miyezi 6 iliyonse ndi chitsanzo chomwecho cha zinthu 200, n'kulemba tsiku latsopano pa mzere uliwonse umene mwauyesa.